Ndagula batire latsopano koma kanyali kofiira kakuyakabe

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe wanditumizira uthenga uwu:

"Zikomo bambo, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla Axio ya 2008 imene ndimayendera popita kuntchito ku Kanengo. Masabata atatu apitawo kanyali kofiira kokhala ndi chithunzi cha batire kanayamba kuthwanima, makamaka m'mawa komanso ndikaima pamzere wa magalimoto. Ndikaponda mafuta kamazima. Alamu anga anati batire latha, ndiye ndinagula latsopano. Patangotha masiku anayi kanyali kaja kanayambiranso. Lachisanu usiku ndikuchokera kumaliro ku Mponela, nyali zakutsogolo zinayamba kufooka, chiwongolero chinalimba, kenako galimoto inazima tisanafike pa Lumbadzi. Makaniko wina akuti ndigule alternator, wina akuti kompyuta ya galimoto yapsa. Ndalama zandithera, ndichite chiyani?"

Pepani mayi, pepani ndi maliro, pepaninso ndi kuzimiridwa galimoto usiku pamsewu wa M1. Mtima ukhale pansi. Pa zimene mwafotokozazi sindikuona chizindikiro chakuti kompyuta yapsa, ndipo mwina simufunikanso kugula alternator yathunthu. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito ya magetsi a galimoto, vuto ngati lanuli kawirikawiri limathera pa kachipangizo kakang'ono kotsika mtengo kuposa batire mwagulalo. Chomwe ndikupempheni ndi chimodzi: musagulenso kanthu mpaka wina ataika mita pagalimotoyo inu mukuona.

Kanyali kameneka kamapusitsa anthu ambiri chifukwa cha chithunzi chake. Alamu anu sanalakwitse mwadala, aliyense akaona chithunzi cha batire amaganiza batire. Koma kanyaliko sikayeza batire ayi. Kamanena kuti moto wasiya kubwera kuchokera ku alternator, makina amene amapanga magetsi injini ikamalira. Ntchito yaikulu ya batire ndi kuliza injini basi, timasekondi tingapo tija sitata ikamazungulira. Injini ikangolira, alternator ndiyo imasenza zonse: nyali, pampu ya mafuta, mapulagi, wailesi, fani, kompyuta, ndipo nthawi yomweyo imabwezera m'batire moto umene sitata inadya. Batire lili ngati ndowa, alternator ndiye mjigo. Inu munagula ndowa yatsopano yodzaza, munatungamo masiku angapo, koma mjigo unali usanakonzedwe. Pa Lumbadzi paja ndi pamene ndowa inauma.

Kulimba kwa chiwongolero kusakuopseni ngati kuti ndi vuto lachiwiri. Axio yanu ili ndi chiwongolero chothandizidwa ndi mota ya magetsi, ndipo mota imeneyo imadya moto wambiri. Moto ukachepa, iyo ndi imodzi mwa zinthu zoyamba kugonja. Pa magalimoto ena pamayakanso nyali za ABS, za airbag ndi za injini zonse pamodzi, giya nkumasintha mwachilendo. Apa ndi pamene anthu amati kompyuta yapsa, pamene kompyutayo yangosowa chakudya.

Kuyeza kwake sikovuta, ndipo kamita kotchedwa multimeter kamapezeka m'mashopu a zamagetsi pamtengo wochepera kwambiri pa wa batire. Mukaike pa DC 20V, waya wofiira pamutu wa pozitivu, wakuda pamutu wa negativu. Galimoto itagona usiku wonse, injini isanalire, batire labwino lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 kapena pafupi pamenepo. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka. Likatsika pansi pa 12.0 ndiye lauma. Kenako lizani injini mita ili pomwepo. Sitata ikamazungulira nambala itsika, koma isapitirire pansi pa 9.6. Injini ikalira, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.7. Tsopano yatsani nyali zakutsogolo, fani ya m'kati ndi chotenthetsa galasi lakumbuyo, wina aponde mafuta injini ifike pa 2,000. Alternator yamoyo imagwira nambalayo pamwamba pa 13.5. Ngati ikukhala pa 12 ndi kanthu nkumatsika pang'onopang'ono, galimoto ikudya za m'nkhokwe. Ngati ikupitirira 15, alternator ikutchaja mopyola muyezo, ndipo limenelo ndi vuto lina loopsa limene ndilitchula kutsogoloku.

Pali kamsampha kamodzi pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan a zaka ngati za yanuyi ndi zapambuyo pake. Kompyuta imalamulira alternator kuti ipume batire likakhuta, pofuna kupulumutsa mafuta. Ndiye mutha kuona 12.6 kapena 12.8 injini ikulira, pamene palibe chalakwika. N'chifukwa chake ndikuti muyatse nyali poyeza. Nyali zikayaka alternator imadzuka, nambala nkukwera. Ndaonapo ma alternator abwinobwino atachotsedwa chifukwa woyezayo sankadziwa zimenezi.

Ngati wina akufuna kuyeza pochotsa mutu wa batire injini ikulira, kuti aone ngati izime, mukanizeni, ngakhale atanena kuti wakhala akutero zaka makumi awiri. Njira imeneyo ndi ya nthawi ya magalimoto opanda kompyuta. Batire limagwiranso ntchito yomeza moto wosefukira. Mukalichotsa alternator ikupopa, mavolti amalumpha kwa kanthawi kufika patali kwambiri, ndipo ndi pamenepo pamene kompyuta imapsadi, pamodzi ndi ma diode a mu alternator. Zimandipweteka mtima kuona munthu atabwera ndi vuto la mabulashi, timakala tating'ono ta mu alternator, nkubwerera ndi vuto la kompyuta chifukwa cha kuyeza kotereku.

Nanga n'chiyani chingakhale chavuta pa yanuyo? Yambani ndi lamba, poti ndiye wooneka ndi maso. Alternator imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. Lamba akakhwefuka kapena akasalala mpaka kunyezimira, amatereka, makamaka m'mawa kukali chinyontho komanso pamene alternator ikulimbana ndi kubwezera moto wa sitata. Kawirikawiri amalira tswiii kwa kanthawi. Injini itazima, mukanikizeni ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri. Asalowe kupitirira sentimita imodzi. Mutembenuzeni muone ngati mizere yake yang'ambikang'ambika kapena yanyowa ndi oyilo. Simunanene za kulira kulikonse, choncho sindikumukayikira kwambiri, koma awonedwe ndithu.

Chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi mabulashi. M'kati mwa alternator muli timakala tiwiri tating'ono, tokankhidwa ndi masipuling'i, timene timakhudza mphete ziwiri za kopa pa chitsulo chozungulira. Timakala timeneti ndi timene timalowetsa moto wopangira maginito. Tikakhala tatsopano timatuluka pafupifupi mamilimita 10, ndipo timadyeka pang'onopang'ono ngati choko. Tikafupika, sipuling'i imalephera kutikankha bwino, ndiye timakhudza, kusiya, kukhudza, kusiya. Kanyali kamathwanima motsatira zimenezo. Poyamba kamachita mwa apo ndi apo, mukaponda mafuta kapena mukagunda bampu nkuzima, mpaka tsiku lina kamayaka osazimanso. Mbiri ya galimoto yanu ikufanana ndi zimenezi kuyambira poyamba mpaka pa Lumbadzi. Ine mabulashi otha ndimawapeza kwambiri pa magalimoto amene apitirira makilomita 150,000, ndipo galimoto ya 2008 imene inayenda ku Japan, nkudzayendanso kuno pafumbi lathu, iyenera kuti inafika kale pamenepo. Pa ma alternator a kampani ya Denso amene amakhala pa Toyota zambiri, mabulashi amabwera m'kabokosi kawo komangidwa ndi timasikuluwu tiwiri kuseri kwa chivindikiro chakumbuyo. Amagulitsidwa paokha. Wokonzayo ayang'anenso mphete za kopa zija. Zikakumbika ngalande yakuya, mabulashi atsopano satha miyezi ingapo, ndiye mphetezo zisinthidwe nthawi yomweyo.

Pambali pa mabulashi pali regulator, kachipangizo kamene kamaletsa mavolti kupyola malire. Ikafa imafa pawiri: mwina kusiya kutchaja, mwina kutchaja mopenga. Yotchaja mopenga mudzaidziwa ndi mababu akupsa pafupipafupi, batire likutentha ndi kufufuma m'mbali, madzi ake akutha msanga, ndi fungo ngati la mazira owola pansi pa boneti. Mukamva fungo limenelo zimitsani injini, musayatse machesi kapena fodya pafupi, chifukwa mpweya wotuluka m'batire lowira umaphulika.

Palinso ma diode, amene amawongola moto wa alternator kuti ukhale woyenda mbali imodzi monga batire limafunira. Kawirikawiri amakhala osachepera asanu ndi limodzi. Imodzi ikafa alternator imatchajabe koma mofooka, kanyali nkumaoneka mwachizimezime usiku, mwinanso nkumamva kulira kwa wiii mu wailesi kumene kumakwera mukaponda mafuta. Diode yoboola imachitanso china choipa: imalola moto kubwerera m'mbuyo galimoto itaima, ndiye mumapeza batire lauma m'mawa pamene madzulo linali bwino. Chimene chimapha ma diode kwambiri kuno kwathu ndi kujampitsa mosemphanitsa mawaya, ngakhale kwa sekondi imodzi, komanso kuwotcherera ekizozi kapena bodi ndi makina a welding batire lisanachotsedwe.

Musanalole kuti alternator imasulidwe, pali malo amene ambiri amawadumpha, ndipo ine ndinaphunzirapo movutikira. Zaka zapitazo kunabwera minibasi imene mwini wake anali atasintha mabatire awiri ndi alternator imodzi, kanyali kakuvutabe. Inenso ndinataya theka la tsiku ndikuyeza alternator pa benchi, ikuonetsa kuti ili bwino. Nditaibwezera, ndinaika waya umodzi wa mita pa thupi la alternator, wina pamutu wa negativu, injini ikulira nyali zikuyaka. Mita inaonetsa kuposa volti imodzi, pamalo pamene pamayenera kukhala pansi pa 0.2. Nditatsata waya wa earth wochokera ku injini kupita ku bodi, kunja unkaoneka wabwino, koma nditasenda chikopa chake m'kati munali ufa wobiriwira, timawaya tamoyo titatsala towerengeka. Waya umodzi umenewo ndiwo unadyetsa munthu ndalama zonsezo. Kuyambira tsiku limenelo sindimasula alternator ndisanayeze mbali zonse ziwiri. Ku pozitivu, pakati pa bawuti yaikulu ya kuseri kwa alternator ndi mutu wa batire, kusiyana kusapitirire 0.5.

Ndiye auzeni awone mitu ya batire. Mutu umene ukuzungulira ndi dzanja ndi wokhwefuka, ndipo kukhomerapo msomali kapena kachitini si kukonza. Ufa woyera kapena wobiriwira uchotsedwe ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, kenako apalepo pawale. Pomasula amayamba ndi negativu, pomanga amamalizira negativu, kuti sipanala ikakhudza bodi pasathetheke moto. Awonenso kapulagi kakang'ono kolowa kuseri kwa alternator, kamene kamadzaza fumbi ndi madzi, makamaka kwa amene amakonda kutsukitsa injini ndi paipi ya mphamvu. M'bokosi la mafyuzi la pansi pa boneti muli fyuzi yaikulu yolembedwa ALT, ya ma amp 100 kapena kuposerapo, ndi tina tating'ono todyetsa regulator. Fyuzi ikapsa isinthidwe ndi ya nambala yomweyo. Kumangapo waya wa kopa ndiko kumene kumayatsa magalimoto pamsewu. Ngati galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga, yang'ananinso mano a makoswe pa mawaya. Ndipo ngati pamwamba pa injini pakudontha oyilo wogwera pa alternator, kudonthako kutsekedwe kaye, apo ayi oyilo ndi fumbi zidzapanga phala lomata mabulashi atsopanowo.

Kwa a magalimoto akale, monga ma pikapu ndi mathirakitala a kumunda, pali chinthu china chodabwitsa. Pa ambiri a iwo, moto woyamba wodzutsa alternator umadutsa m'kababu ka kanyali komweko. Kababu kakapsa, alternator imatha kukhala osatchaja mpaka mutaponda mafuta kwambiri. Choncho aliyense azolowere kuyang'ana: mukatembenuza kiyi injini isanalire kanyali kayake, injini ikalira kazime. Kakapanda kuyaka n'komwe, limenelonso ndi vuto.

Tsopano za batire lanu latsopanolo. Silinapite pachabe, koma lavulala pang'ono. Batire la galimoto silikonda kuuma mpaka pansi, ndipo likakhala louma masiku ambiri mapuleti ake amachita nkhungu yolimba imene sichokanso. Lichotseni lero lomwe mukalitchajitse pa tchaja ya pang'onopang'ono usiku wonse. Musadalire kuti alternator ikakonzedwa idzalidzaza yokha. Ulendo wa ku Area 25 kukafika ku Kanengo ndi waufupi, sungadzaze batire louma, ndipo kukakamiza alternator yongokonzedwa kumene kuti idzaze batire lotere kumaitenthetsa kwambiri. Ngati ndi la zitsekerero, madzi akachepa muthiremo madzi a batire osungunula aja okha, osati asidi, osatinso a pampopi kapena a pachitsime. Sungani lisiti. Ndipo ngati lakale lija mukadali nalo, kaliyezetseni, mwina linali lamoyo.

Onaninso kuti anakugulitsani loyenera. Mabatire a magalimoto a ku Japan amalembedwa manambala ngati 46B24L. Chilembo chomaliza, L kapena R, chimanena mbali imene mitu yakhala, ndipo mukasemphanitsa mawaya safika bwino, ena nkumawakoka mokakamiza. Magalimoto amene amazima okha pa maloboti amafuna batire lamtundu wake, lolembedwa ngati Q-85, ndipo mukaikamo wamba silikhalitsa. Kutentha nakonso kumadya mabatire. Amene amakhala ku Nsanje, ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja amasintha msanga kuposa a ku Dedza kapena ku Mzuzu.

Kanyali kakadzayakanso muli pamsewu, choyamba yang'anani geji ya kutentha kapena kanyali kake. Pa injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Axio zambiri za 1.5, lamba yemweyo wa alternator ndi amene amazunguzanso pampu ya madzi. Ngati lamba waduka, injini iwira m'mphindi zochepa, ndipo mukaumirira mupsereza gasiketi kapena kupinda hedi. Pamenepo palibe kukambirana: imani pambali, zimitsani, tsegulani boneti muone. Ngati lamba alipo ndipo akuzungulira, muli ndi kanthawi. Zimitsani AC, fani, wailesi ndi matchaja a foni, musazimitse injini chifukwa mwina siidzaliranso, lunjikani pamalo apafupi pamene pali anthu ndi kuwala. Masana, ndi batire lodzaza, mutha kuyenda theka la ola kapena kuposerapo pang'ono. Usiku ndi nyali, kapena mvula ikugwa mawaipa akugwira ntchito, nthawiyo imachepa kwambiri. Musazimitse nyali usiku pofuna kusunga moto. Pa M1 pali njinga, ngolo ndi anthu oyenda pansi, ndi bwino kuima pa sitolo kapena pa filling station galimoto ikadali ndi mphamvu kusiyana ndi kuzimiridwa pakona. Kumbukiraninso kuti ngati yanuyo ndi ya otomatiki, siilira pokankha.

Mawu amodzi kwa a Toyota Aqua, Prius ndi ma hybrid ena, magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, amene achuluka m'tauni masiku ano: ambiri mwa amenewa alibe alternator. Batire laling'ono limadzazidwa ndi chipangizo chotsitsa moto kuchokera ku batire lalikulu. Mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula mavolti opitirira 100, okwanira kupha munthu. Kanyali kakayaka pa galimoto yotere, musalole aliyense wosaphunzira za hybrid kugwirako.

Kumene mupite ndi kwa wa magetsi a galimoto, osati makaniko wa injini kapena wa masipuling'i, ngakhale akhale waluso pa ntchito yake. Mukafika, muoneni ngati watulutsa mita asanatulutse sipanala. Mupempheni akuonetseni manambala atatu: injini itazima, ikulira, ndi ikulira nyali zitayaka. Akatsegula alternator, akuonetseni mabulashi ndi mphete za kopa ndi maso anu, ndipo zimene wachotsa akupatseni. Alternator yathunthu imagulidwa pokhapokha mawaya a m'kati atapsa, mudzaona akuda ndi kununkha chiwawu, kapena ngati zofunika kusintha zachuluka mpaka mtengo wake kuyandikira wa ina. Mukafika pogula yakale yochotsedwa pa galimoto ina, nambala yake ndi pulagi yake zifanane ndi yanu, chifukwa ma alternator olamulidwa ndi kompyuta amaoneka ofanana kunja koma salankhulana ndi galimoto iliyonse. Gwirizanani kuti ikakanika mubweza, ndipo iyezedwe ili pagalimoto musanalipire zonse.

Za kompyuta zija, zimachitika koma mwa kamodzikamodzi, ndipo munthu sanganene zimenezo ndi maso okha. Ayenera kulumikiza makina owerengera pa soketi ya pansi pa chiwongolero, ayeze mawaya onse a pakati pa kompyuta ndi alternator, ndipo alternator ikhale itatsimikizika kuti ili bwino. Amene wakuuzani za kompyutayo mufunseni kuti wayeza chiyani, ndipo makinawo anaonetsa nambala yanji.

Zonse zikakonzedwa koma batire nkumaumabe usiku, pamenepo tidzafufuza wakuba moto galimoto itagona. Mita imaikidwa pa ma amp pakati pa mutu wa negativu ndi waya wake, zitseko zitatsekedwa, nkudikira mphindi 20 kapena 30 kuti makompyuta agone. Galimoto ngati yanu isadye kupitirira ma milliamp 50. Ikapitirira, amazula mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa. Kawirikawiri ndimapeza alamu, tracker kapena wailesi yoikidwa pambuyo, yolumikizidwa pa waya wa moto wosazima, nthawi zina kababu ka m'buti kosazima chitseko chikatsekedwa. Mukayezetsa, nditumizireni manambala atatu aja ndi makilomita amene galimotoyo yayenda, ndidzakuuzani ngati mtengo umene akutchulirani ukugwirizana ndi ntchitoyo.